Denga la shopu lasasuka ndi mphepo koma alandilodi akuti renti ndiyomweyo, nditani abale?

AmakeDaliso:

Muli bwanji nonse, ndithandizeniko nzeru mutu wanga waima. Ndili ndi kashopu ka renti ku Down Shops kuno ku Chipata, ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu komanso kugulitsa zitenje, makina atatu ndi atsikana awiri ondithandiza. Mvula ya mphepo ija ya kumayambiriro kwa Januwale inasasula malata mbali yonse ya kumbuyo, mtanda umodzi unathyoka nkugwera mkati, siling'i inamwa madzi ikungogwa zidutswa zidutswa, khoma la kumbuyo nalo lachita mng'alu woti dzanja kulowa. Magetsi tinazimitsa chifukwa madzi amatsika ndi mawaya. Mmenemo munthu sungagwiremo ntchito, kasitomala amangosuzumira pakhomo nkubwerera, ndiye taganizani Januwale ndiye mwezi wathu ife osoka mayunifomu, chaka chonse timadikira womwewu. Mipukutu ina ya nsalu yachita chuku, makina ndinawasamutsira kunyumba ku Kapata ndikusokera pakhonde.

Renti ndi K3,500 pamwezi ndipo ndimalipira miyezi itatu itatu, ya Januwale mpaka Malichi ndinapereka kale mu Disembala, palinso dipoziti ya mwezi umodzi yomwe ndinasiya polowa. Eni ake amakhala ku Lusaka, kuno amatolera ndi mphwawo. Nditawaimbira anati ndalama yokonzera alibe, ndiwatumizire renti ya Epulo mpaka Juni manje manje kuti agule malata, ngati sindifuna ndituluke pakutha kwa mwezi chifukwa pali wina wogulitsa mafoni akuifuna shopuyo ngakhale ili choncho.

Manje funso langa, kodi ndalama ya miyezi yomwe sindikugwiramo ntchito angandibwezere? Nanga ndikakana kulipira ya Epulo angandichite chiyani? Kutuluka sindifuna, makasitomala anga anazolowera pamenepo.

Mfana_waMchini:

Amayi musapereke ngakhale ngwee imodzi. Mulipira bwanji malo oti mvula ikugwa mkati ngati panja? Akonze kaye ndiye aone ndalama, akavuta mungosiya kuyankha foni basi. Alandilodi ena anazolowera kudya za ulele.

KalalikiWakale:

Amake Daliso pepani ndi zomwe zakuonekerani. Ine si loya, ndinali kalaliki mu ofesi ya maloya zaka zambiri ndiye mapepala a renti ngati amenewa adutsa m'manja mwanga ochuluka. Zomwe wanena mnyamata wa ku Mchini pamwambapa ndi zomwe mtima umafuna kumva koma mukazitsata mudzakhala mwawapatsa alandilodi chomwe akusowa pakali pano, chifukwa chokutulutsirani.

Ndiyambe ndi yowawa. Malamulo athu pa nkhani za renti ya malo a bizinesi ambiri tinatengera ku England, ndipo kumeneko mfundo yakale ndi yoti renti siima yokha chifukwa nyumba yaonongeka. Denga lichoke, moto upse, madzi alowe, ngati mu agirimenti simunalembedwe kuti zikatere renti iyima kapena itsika, pamaso pa lamulo mukadali ndi ngongole mwezi ndi mwezi. Komanso lamulo silimangoganiza lokha kuti wokonza denga ndi landilodi, limayang'ana zomwe munasainirana. Ma agirimenti a m'mamolo akuluakulu aja amakhala ndi ndime yoyimitsa renti nyumba ikaonongeka, koma timapepala ta tsamba limodzi tomwe timalemberana kuno kawirikawiri mulibe. Ndiye chinthu choyamba katengeni pepala lanu muwerenge bwinobwino mutiuze likuti chiyani pa zokonza.

Manje yokoma. Zoti mutuluke pakutha kwa mwezi zija ndi kukuopsezani chabe. Kuli lamulo lotchedwa Landlord and Tenant (Business Premises) Act, Chapter 193 ya malamulo a Zambia, ndi la malo ochitira bizinesi ngati shopu yanu. Musalisokoneze ndi Rent Act, Chapter 206, limenelo ndi la nyumba zogonamo. Pa Chapter 193 landilodi akafuna kuthetsa renti ayenera kukupatsani notisi yolemba, yosachepera miyezi 6 ndipo yosapitirira miyezi 12 tsiku lotuluka lisanafike, osati mawu a pafoni kapena kutuma mphwake. Mukailandira muli ndi miyezi 2 yoti muyankhe molemba kuti simukufuna kutuluka, kenako mumakapempha kukhoti kuti mupatsidwe agirimenti yatsopano ya renti, ndipo pempholo lili ndi nthawi yake, lisafulumire miyezi 2 isanakwane komanso lisapitirire miyezi 4 chilandirireni notisi. Anthu ambiri amagwa pamenepa, amasunga kalata mu handibagi akuti tikambirana mpaka nthawi kutha.

Kukhotiko landilodi sangangoti ndapeza wina wolipira zambiri, chimenecho sichili pa zifukwa zololedwa. Zololedwa ndi monga inu kusasamala malo pomwe unali udindo wanu, kuchedwa chedwa kulipira renti, kuphwanya zina za mu agirimenti, iye kukupezerani malo ena oyenera, iye kufuna kugwetsa kapena kumanganso nyumbayo, kapena kufuna kuchitiramo bizinesi yake mwini. Mwaona pamene pali msampha? Lero alibe chifukwa chifukwa inu mwalipira mpaka Malichi. Mukangoleka kulipira mwakachetechete mwamupatsa chimodzi. China chomwe angayese ndi cha kumanganso, popeza khoma lang'aluka, koma ngakhale chimenecho chimadzera mu notisi ya miyezi 6 yomweyo ndipo ayenera kuonetsa khoti kuti akufunadi kumanga, osati kungopaka laimu nkulowetsa wa mafoni.

Chinanso, makiyi musapereke kwa mphwawoyo ngakhale anene kuti akufuna kulowetsa amisiri, mukawatsegulire nokha. Siyanimo kauntala ndi mashelefu, chikwangwani chanu chikhale pomwepo, ndipo pakhomo mumatepo pepala loti tatseka kwa kanthawi tikusokera ku Kapata. Lamulo lija limateteza munthu amene akadali m'malomo, mukachotsa zonse nkupereka makiyi adzati munatuluka nokha.

AmakeDaliso:

Zikomo kwambiri atate, ndapumako pang'ono. Pepala ndalipeza, ndi masamba awiri la mu Chingelezi, mwana wanga wandithandiza kuwerenga. Likuti renti ndi ya zaka ziwiri, tatha chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Ine udindo wanga ndi mkati, penti, magalasi a mawindo, maloko ndi ukhondo. Eni ake ndi denga, makoma a kunja ndi mapaipi. Palinso pena pakuti renti ikachedwa masiku 14 eni ake atha kulowa nkutenga shopu yawo. Zoyimitsa renti sindinazione paliponse. Tinasaina ine, iwo ndi mboni ziwiri basi, sitinapite nalo kwina kulikonse.

KalalikiWakale:

Ndiye muli pabwino kuposa mmene ndimaopera amayi. Denga ndi makoma ndi zawo, zalembedwa, ndiye amene akuphwanya pangano pakali pano ndi iwo osati inu. Koma ndime ya masiku 14 ija muiope, imeneyo ndi njira yachidule yomwe sidikira notisi ya miyezi 6, ndipo imatseguka pokhapokha inu mukalephera kulipira.

Lembani kalata lero, Chinyanja kapena Chingelezi zilibe kanthu bola ikhale ndi deti. Munenemo tsiku lomwe denga linachoka, zomwe zaonongeka, kuti malinga ndi agirimenti kukonza ndi kwawo, muwapatse nthawi yoti ayambe ntchito monga masabata awiri, ndipo munene kuti akapanda kutero mudzakonzetsa nokha nkuchotsa ndalamayo pa renti ikubwerayi. Imodzi mupatse mphwawo asainire kuti walandira, ina muijambule muitumize pa WhatsApp kwa eni ake ku Lusaka kuti pakhale umboni kuti anaiona. Njira yokonza wekha nkudula pa renti lamulo limailola pamene udindo unali wa landilodi ndipo unamudziwitsa iye nkukhala chete, koma ndalama yake ikhale yomveka, tengani makotesheni kwa amisiri awiri kapena atatu muwatumizirenso, malisiti a malata, misomali, simenti, matabwa onse musunge. Musakonze zoposa zomwe zinaonongeka, mukaika matailosi ndi siling'i yapamwamba zimenezo ndi zanu.

Za ndalama ya Januwale mpaka Malichi, siibwera yokha ayi. Mungaifune ngati chipukuta misozi chifukwa chakuti achedwa kukonza atadziwitsidwa, pamodzi ndi nsalu zomwe zinaonongeka pambuyo poti mwawauza. Zomwe zinanyowa usiku wa mphepo womwewo ndi zovutirapo, adzati mphepo si ine, pokhapokha ngati munawadandaulirapo kale kuti malata akugwedera kapena mtanda wadyedwa ndi chiswe, ndiye fufuzani mu foni mwanu mauthenga akale. Jambulani zithunzi ndi mavidiyo ambiri zinthu zisanasunthidwe, ndipo buku lanu la maoda a Januwale wa chaka chatha likhale pafupi, ndi lomwe lingaonetse kuti mwataya zingati.

Kanthu kena kakang'ono, renti yopitirira chaka chimodzi imayenera kulembetsedwa ku Lands and Deeds Registry, ofesi ya boma yolembetsa mapepala a malo, ndi Chapter 185 imeneyo, ndipo pepala losalembetsa loya wa mbali inayo atha kulitsutsa kuti lilibe mphamvu. Musachite nazo mantha kwambiri, munthu amene wakhala akulipira renti nkumalandiridwa sasanduka mlendo chifukwa cha zimenezo, koma ndi chifukwa chake ndikuti pepalalo mupite nalo ku Legal Aid Board, maloya a boma othandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ofesi yawo ilipo ku Chipata konko, akalione ndi maso musanadule ngwee iliyonse pa renti.

Agogo_aKatete:

Mwana wanga amake Daliso, ine ndilankhulako ngati mwini mashopu, ndili nawo atatu kuno ku Katete m'mbali mwa Great East Road, ndiye mundikhululukire ngati ndikhala ngati ndikuikira kumbuyo mnzanga wa ku Lusakayo. Zomwe wachita zokuopsezani ndi zolakwika, palibe kubisa. Koma mawu oti ndalama alibe akhoza kukhala oona ndithu. Anthu amaona ngati renti ikalowa timaiunjika pansi pa bedi, pomwe imapita ku mafizi a adzukulu, ku maleti a khonsolo, ku ZRA a misonkho aja, kuchipatala, ikafika Januwale aliyense ali mbuu, feteleza watenga zonse. Nyumba zambiri za ku Down Shops nzakalekale, zina matabwa ake sanasinthidwepo chimangireni, ndipo ambiri aife inshuwalansi sitiidziwa nkomwe. Mufunseni ngati nyumbayo ili pa inshuwalansi, ngati ili ndiye nkhani yafupika, koma dziwani kuti ya nyumba siilipira nsalu zanu, katundu wa mkati amafuna yakeyake.

Ine zinandichitikirapo, mphepo inatenga denga la shopu yomwe munali mnyamata wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda, nthawi yake yomweyi ya dzinja. Tinakhala pansi ndi mkulu wa mpingo ngati mboni, iye anagula malata ndi matabwa, ine ndinalipira mmisiri, ndalama yake tinaidula pa renti pang'onopang'ono theka theka mpaka inatha, mwezi womwe anatseka sindinamulipiritse. Tinalemba pa pepala la mu kope tonse nkusaina. Mpaka lero ali momwemo.

Ndiye langizo langa, m'malo motumiza K10,500 ku Lusaka komwe simudziwa ngati ikagula malata kapena ikathera zina, muuzeni kuti ndalama ya Epulo mpaka Juni ilipo koma ipita ku hadiweya ndi kwa mmisiri mwachindunji, malisiti ndiwo akhale renti yanu, ndipo miyezi yomwe shopu yakhala yotseka isunthidwe kutsogolo. Munthu wanzeru avomera chifukwa nyumba yake ikukonzedwa osatulutsa kanthu m'thumba. Koma zilembedwe ndipo asaine mwini wake, osati mphwake, ana otumidwa awa mawa amadzakana kuti sindinauzidwe. Ndipo musankhe msanga ngati mukukhala kapena mukuchoka, musayambe kulipira kashopu kena uku mukulimbana ndi aka, mapanga awiri avumbwitsa.

Za kukhoti ine ndimaziika kumapeto. Mlandu utha kutenga nthawi yoti agirimenti yanu yatha kale, ndipo tauni yathu ndi yaing'ono, mudzakumana pamaliro.

Mfana_waMchini:

Agogo mwanena bwino koma inu ndinu amodzi mwa ochepa. Ambiri ukangokonza ndi ndalama yako mwezi wotsatira akukweza renti ati shopu yaoneka bwino.

Agogo_aKatete:

Nchifukwa chake ndati zilembedwe mdzukulu wanga, pa pepala lomwelo muonjezepo kuti renti sikwera mpaka zaka ziwiri zija zitatha.

Tisa_wa_Law:

Ndionjezeko pang'ono pa zomwe anena a Kalaliki, ine ndikuphunzira zamalamulo chaka chachitatu ndiye izi tangozidutsa kumene. Wina akhoza kukuuzani kuti popeza shopu siikugwiritsika ntchito ndiye kuti pangano lafa lokha, aliyense azipita kwawo. Mfundo imeneyo ilipodi, yoti chinthu chikachitika chomwe si cholakwa cha aliyense nkulepheretseratu pangano ndiye kuti latha, koma pa renti ya nyumba makhoti amaivomera mwa apo ndi apo kwambiri. Mlandu womwe timawerenga ndi wa ku England wa 1981, National Carriers ndi Panalpina. Kampani inachita renti nyumba yosungiramo katundu mu mzinda wa Hull kwa zaka 10, kenako khonsolo ya kumeneko inatseka msewu umodzi wokhawo wolowera chifukwa chinyumba china choyandikana chinali pafupi kugwa, msewu unakhala wotseka pafupifupi miyezi 20 malole osafika. Iwo analeka kulipira ati pangano lafa. Khoti lalikulu la House of Lords linati ayi, miyezi 20 pa zaka 10 ndi yochepa, lipirani. Zigamulo za kumeneko makhoti athu sakakamizidwa kuzitsata koma amazimvera kwambiri.

Kwa inu amayi mfundo imeneyi siikuthandizani nkomwe chifukwa inu simukufuna kuti pangano life, mukufuna shopu. Amene angaikonde ndi alandilodi kuti alowetse wa mafoni uja, ndiye akadzayamba kunena kuti agirimenti inatha ndi mphepo musavomere, denga ndi lokonzeka pa masabata ochepa ndipo pepala likunena kale wokonza ndani.

NaPhiri_Lundazi:

Asisi ine ndingokuchenjezani za mabelifi chifukwa ndinaziona ndi maso kwa mnzanga wa saluni kuno. Naye madzi ankalowa, anakwiya nkuleka kulipira osalemba kalikonse, miyezi itapitapo kunabwera mabelifi mmawa nkulemba madiraya, mipando, magalasi mpaka jenereta, ati tikugwira katundu chifukwa cha renti. Anathamangira kupolisi anamuuza kuti iyi ndi nkhani ya pakati pa inu awiri pitani kukhoti. Za madzi zija analibe umboni uliwonse, ngakhale chithunzi, zonse zinali za pakamwa. Landilodi ali ndi mphamvu imeneyo ngati pali renti yotsalira, chomwe mungafunse ndi chakuti obwerawo akuonetseni satifiketi yawo ya ubelifi ndi pepala lowatuma, chifukwa ena amangotenga anyamata a pa siteshoni nkuwaveka majekete. Koma ngati mulibe ngongole palibe amene angagwire makina anu, ndipo mphwawoyo akadzaika loko wake pachitseko inu mutalipira mpaka Malichi, musathyole, jambulani mupite ku Legal Aid tsiku lomwelo.

China chomwe sindinaone wina atchula, khoma lija. Ngati mng'alu ndi woti dzanja kulowa musalole atsikana anu kumalowamo kukatenga zinthu mvula ikugwa, moyo kaye. Pitani ku Chipata City Council mukapemphe a zaumoyo kapena a zomangamanga abwere adzaone, ali ndi mphamvu pansi pa Public Health Act yolembera mwini nyumba kuti akonze malo oopsa. Kalata ya khonsolo alandilodi amaiopa kuposa yanu, komanso ikhala umboni wabwino kuti simunatseke shopu mwa kufuna kwanu. Kungoti dziwani kuti akaona kuti ndi yoopsa zedi atha kunena kuti musalowemo mpaka itakonzedwa, ndiye yambani mwatulutsa nsalu zotsalazo. Mawaya nawo aonedwe ndi wa magetsi wodziwa ntchito musanayatsenso, nsalu ndi moto sizikhalira pamodzi.

Atsikana anu awiriwo muwauze zoona zake za malipiro mwezi uno, asamangomva kwa anthu.

AmakeDaliso:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Kalata tailemba ndi mwana wanga usiku uno, mawa ndikaipereka ndipo mmisiri wa ku tchalitchi kwathu abwera kudzayeza malata. Mu foni ndapezamo uthenga wa Novembala pomwe ndinawauza kuti denga likudontha pakona ndipo malata akulira ndi mphepo, anayankha kuti tiona mvula ikatha. A Kalaliki umenewu ungathandize?

KalalikiWakale:

Kwambiri amayi, umenewo ndiye ukusintha nkhani ya nsalu zonyowa zija chifukwa ukuonetsa kuti anadziwa mphepo isanabwere. Ujambuleni pa sikirini deti ndi nambala yawo zikuoneka, mutumizire mwana wanu asunge, wina mukaupulinte. Mu kalatamo muutchule koma mwaulemu, musawaopseze ndi khoti pa kalata yoyamba.

Bambo_Mvula88:

Pepani kulowerera nkhani ya eni, ine shopu yanga ndi ya mu msika wa khonsolo, timalipira ku khonsolo komweko. Kodi notisi ya miyezi 6 mukunenayi ikutikhudzanso ife?

KalalikiWakale:

Ayi bambo, Chapter 193 siigwira pa malo omwe mwachita renti kwa boma kapena kwa khonsolo, monganso siigwira pa mafamu ndi nyumba zogonamo. Inu zanu zili pa pepala lomwe munapatsidwa polandira shopuyo ndi malamulo a misika, ndiye mukakhala ndi vuto yambirani kwa a komiti ya msika ndi amasitala a msika. Koma ngati munachita renti kwa munthu amene iye ndiye anapatsidwa shopuyo ndi khonsolo, fufuzani kaye ngati amaloledwa kubwereketsa, ambiri saloledwa ndipo dzina lanu kumaofesi kulibe.